Mapanga awiri avumbwitsa: malo wapeza, nanga intaviyu inayo upitenso?

Abale anga, lero ndati tikambirane nkhani imene ena mwa inu muyese vuto la anthu okhuta. Mwana wakhoza bwino, wafunsira malo ku sukulu zingapo zophunzitsa udokotala, ndipo sukulu imodzi yamulembera kalata kuti bwera, malo ako alipo. Nthungululu zisanazilale pakhomo, kwafikanso kalata ina yochokera ku sukulu yachiwiri yomuitana ku intaviyu. Funso ndi lakuti, kodi apite, kapena awauze kuti zikomo, ndapeza kale kwina?

Ndikudziwa kuti mayi amene akugulitsa tomato mu Limbe, kapena mnyamata amene akudikira zotsatira za MSCE ku Kawale, anena kuti bambo inu, limenelonso ndi vuto? Ife tikulirira malo amodzi, inu mukukamba za munthu amene ali ndi awiri? Ndakumvani. Koma dekhani pang'ono, pakuti amene nkhaniyi ikumukhudza kwambiri ndi uja alibe malo ngakhale amodzi, amene tsogolo lake likudikira zimene mnzake wa mwayiyo achite. Komanso masiku ano ana a abale athu amene akukhala ku America ndi ku Britain akukumana nalo funso limeneli, ndipo akaimba foni kuno kufunsa nzeru kwa amalume ndi azakhali, tisamangoyankha kuti pita konsekonse mwanawe, pamene sitikudziwa mmene zinthu zimayendera kumeneko.

Tiyeni tiyambe taona za ku America, kumene funsoli limazunguza mitu ya ana ambiri chaka ndi chaka. Kumeneko munthu salowa sukulu ya udokotala atangotsanzikana ndi sekondale ayi. Amayamba watenga digiri ya zaka zinayi, n'kulemba mayeso otchedwa MCAT, kenako n'kutumiza makalata ofunsira malo kudzera ku bungwe la AAMC, lomwe ndi mgwirizano wa sukulu za udokotala. Mu 2023 anthu oposa 52,000 anafunsira malo, koma amene analowa m'kalasi anali pafupifupi 23,000 basi. Mu 2021, mliri wa Covid-19 uli mkati, ofunsira anaposa 62,000. Mukawerengera bwino muona kuti oposa theka amabwerera chimanjamanja, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana anzeru ndithu, amene anagona usiku wochepa pa mabuku.

Chifukwa cha mpikisano woterewu, ndi ochepa amene amayerekeza kufunsira ku sukulu imodzi yokha. Ambiri amaponya mbedza m'maiwe oposa khumi. Sukulu iliyonse imasefa makalata masauzande n'kusankhapo mazana angapo a anthu oti icheze nawo. Maintaviyu amayamba cha mu Ogasiti kapena Sepitembala n'kumapitirira mpaka cha mu Malichi, pamene makalata olandira anthu amayamba kutuluka pa 15 Okutobala. Apa ndiye pagona nkhani. Munthu akhoza kulandiridwa ku sukulu imodzi mu Okutobala, sukulu ina itamuuza kuti adzaonekere mu Januwale. Dongosolo la bungwe lija limalola munthu kusunga malo m'sukulu zingapo kwa kanthawi, koma limati pofika pa 15 Epulo atsale ndi zitatu, ndipo pofika pa 30 Epulo asankhe imodzi. Malo amene asiyidwa amapita kwa anthu amene ali pa mndandanda wa odikira, ndipo ena mwa iwo amaitanidwa kutangotsala masabata ochepa kuti sukulu itsegulidwe.

Tsono maganizo anga ndi awa. Munthu amene walandiridwa kale adzifunse funso limodzi, ndipo adziyankhe ali yekha, mayi ake ndi anzake asali pafupi. Funsolo ndi ili: sukulu yachiwiriyi itandilandira mawa, ndingasiye yoyamba ija n'kupita kumeneko? Ngati yankho ndi lakuti inde, kapena kaya mwina, apite ku intaviyu ndipo asachite nazo manyazi. Ngati yankho ndi lakuti ayi, ngakhale atandilonjeza chiyani sindingapiteko, alembe kalata tsiku lomwelo yowauza kuti sabwera. Zongosunga tsiku la intaviyu m'thumba ngati chithumwa, kapena ngati umboni woonetsa anthu kuti ndine dolo, zimenezo ndiye ndikuzikana.

Kufunsa funsoli n'kosavuta, ntchito ili pa kuliyankha moona. Pali zinthu zingapo zimene munthu ayenera kuziona ndi maso ake asananene kuti ayi.

Choyamba ndi kalata yeniyeniyo. Inu a malonda mukudziwa kuti mawu akuti ndibwera kudzagula si ndalama. Munthu wakuimbira foni kuti wasangalala nawe, wina wakunong'oneza kuti dzina lako lili pa mndandanda, zonsezo ndi zabwino, koma malo ndi malo akalembedwa. Ndipo kalatayo ikafika, iwerenge mpaka kumunsi kumene kuli timalemba ting'onoting'ono. Makalata ambiri amakhala ndi mawu akuti ngati. Ngati umaliza digiri yako, ngati utumiza mapepala akutiakuti pofika tsiku lakuti, ngati akafufuza mbiri yako sapezamo mlandu. Kwa mwana amene si nzika ya dzikolo, ma ngati amenewa amachuluka: pali za viza, ndipo sukulu zina zimafuna kuti uonetse ndalama za chaka chathunthu, zina mpaka za zaka zinayi zonse, usanaponde m'kalasi. Munthu amene sanadutse pa zipata zonsezi asathamangire kutseka khomo lina.

Ku Britain nkhani ya ma ngati ndiye yaikulu kwambiri. Kumeneko ana ambiri amafunsira udokotala akadali ku sekondale, kudzera ku bungwe la UCAS, ndipo tsiku lomaliza limakhala 15 Okutobala. Pa malo asanu amene munthu amaloledwa kusankha, anayi okha ndi amene angakhale a udokotala. Sukulu ikakulandira, kawirikawiri imati tikutenga ngati ukhoza mayeso a A-level ndi magiredi akutiakuti, ndipo zotsatira zake zimatuluka mu Ogasiti. Dongosolo lawo limalola mwana kusunga sukulu ziwiri, ina ngati yoyamba, ina ngati yogwerako zikavuta. Ndiye tangoganizani mwana amene walandiridwa ku sukulu imodzi mu Januwale, n'kukana maintaviyu atatu otsalawo chifukwa cha chisangalalo, kenako mu Ogasiti n'kuperewera giredi imodzi. Ameneyo wadzitchera yekha msampha. Kwa mwana wa ku Britain amene mayeso sanalembe, langizo langa ndi lakuti apite ku intaviyu ina iliyonse mpaka atakhala ndi pogwera.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ana ambiri amapusitsidwa ndi chimwemwe. Ku America madokotala ambiri amatuluka sukulu ali ndi ngongole, ndipo kwa amene ali nayo, ngongole yapakatikati imakhala cha m'ma madola 200,000. Imeneyo ndi ngongole imene munthu amaibweza tsitsi likuyamba kuchita imvi. Kuwonjezera apo, lamulo limene pulezidenti Donald Trump anasaina pa 4 Julayi 2025 linaika malire akuti kuyambira pa 1 Julayi 2026 wophunzira watsopano wa maphunziro ngati a udokotala asamakongole ku boma ndalama zoposa madola 50,000 pa chaka, kapena 200,000 zonse pamodzi, pamene mtengo wa zaka zinayi, kuphatikiza chakudya ndi pogona, m'sukulu zambiri umaposa pamenepo. Wochokera kunja ndiye ngongole ya bomayo samuganizira n'komwe.

Koma si sukulu zonse zimene zili chimodzimodzi. Mu 2018 sukulu ya udokotala ya New York University inalengeza kuti ophunzira ake onse sazilipira fizi. Mu 2024 mayi wina wachuma, Ruth Gottesman, anapereka madola 1 biliyoni ku Albert Einstein College of Medicine, ku Bronx mu mzinda wa New York, ndipo fizi inathetsedwa kumenekonso. Sukulu zina zimapereka thandizo malinga ndi umphawi wa banja, zina malinga ndi nzeru za mwana. Vuto ndi lakuti kalata yonena kuti upatsidwa thandizo lochuluka bwanji nthawi zambiri imabwera mochedwa, miyezi ingapo kalata yokulandira itafika kale. Ndiye mwana amene wakana intaviyu mu Disembala wakana asanaone mitengo. Alipo mwa inu amene amagula belo la kaunjika kwa munthu woyamba kumupeza, asanafunse kwa wachiwiri? Safunsa anadya phula. Ngati sukulu yachiwiri ili ndi mwayi woti ingakhale yotsika mtengo ndithu, kupita ku intaviyu yake si dyera ayi, ndi nzeru, chifukwa ngongole imeneyi idzalamula kumene dokotalayo adzagwire ntchito. Amene ali ndi ngongole yaikulu amathamangira kumene kuli malipiro okwera. Amene ali ndi yochepa ali ndi ufulu wosankha kukathandiza osauka, kapena kubwerera kwawo.

Chachitatu ndi funso lakuti, ukamaliza ukufuna kukagwira ntchito kuti? Pepala la udokotala silili ngati ndalama ya dola imene imayenda paliponse. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake loyang'anira madokotala, ngati mmene kuno tilili ndi Medical Council of Malawi, ndipo bungwelo ndi limene limanena ngati likuvomereza sukulu imene unaphunzira kapena ulembenso mayeso. Mbiri yathu yomwe ili ndi chitsanzo. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, mu mzinda wa Nashville ku America, mu 1937. Koma kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain anayenera kupita ku Edinburgh ku Scotland, kumene analandira mapepala ena mu 1941. Zaka zinayi zowonjezera, abale, pofuna pepala lovomerezeka kumene ankafuna kukachiza anthu. Sukulu ya Meharry yomweyo ndi imene inaphunzitsa Dr Daniel Malekebu, amene anamaliza mu 1917 nadzatsegulanso mishoni ya PIM ku Chiradzulu mu 1926. Masiku ano malamulo asintha, koma mfundo yake ikadali yomweyo. Ngati sukulu imene yakuitana ku intaviyu ikukufikitsa pafupi ndi kumene mtima wako ukulinga, usaikane chifukwa chakuti ina yayamba kukumwetulira.

Chachinayi ndi chakuti intaviyu si ya iwo okha, ndi yakonso. Iwo akukuyesa, iwe ukuwayesa. Pa mapepala ndi pa intaneti sukulu iliyonse imaoneka yokongola, maluwa pakhomo, ophunzira akuseka. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Tsiku la intaviyu ndi limene umacheza ndi ophunzira amene ali kale pamenepo, n'kuwafunsa kuti kodi mumayamba liti kugwira odwala, kodi chipatala chimene mumaphunzirira chili patali bwanji, kodi wina akalephera mayeso amamuthandiza kapena amangomupitikitsa, kodi lendi m'tauni muno ndi yotani, kodi munthu wakhungu lakuda ngati ine amakhala bwanji kuno. Munthu akhoza kupita ku intaviyu akuganiza kuti akungokwaniritsa mwambo, n'kubwerako mtima utatembenuka. Zaka zinayi kapena zisanu si masewera. Ngati sukulu yachiwiriyo suikudziwa mokwanira kuti unene ayi motsimikiza, ndiye kuti yankho lako likadali kaya, ndipo wa kaya apite.

Tsopano tiyeni titembenuze chikho. Tinene kuti zonsezi waziona. Kalata uli nayo yopanda ma ngati ovuta, ndalama waziwerengera, sukulu imene yakulandira ndi imene unkailota, ili kufupi ndi abale ako, ndipo ina ija unangoilemba poopa kusowa. Ukudziwa pansi pa mtima kuti sungapiteko. Pamenepo, mphwanga, kupita ku intaviyu ndi kulakwira munthu amene sukumudziwa.

Ndifotokoze bwino. Sukulu imakhala ndi masiku owerengeka a intaviyu ndi mipando yowerengeka pa tsiku lililonse, chifukwa ofunsa mafunsowo ndi madokotala ndi aphunzitsi amene asiya odwala ndi makalasi kuti adzakhale pamenepo. Sukulu zambiri masiku ano zimagwiritsa ntchito njira imene inayambira ku McMaster University ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, imene munthu amazungulira m'zipinda zingapo, chipinda chilichonse mphindi zosakwana khumi, ndipo chilichonse chili ndi womuyesa wake. Njira yotere imafuna anthu ambiri, choncho mipando siingangowonjezedwa mwachisawawa. Mpando umene wakhalapo iwe ndi mpando umene wina sanakhalepo. Kuseri kwako kuli mtsikana amene sanaitanidwe kulikonse, amene tsiku lililonse amatsegula foni m'mawa kuona ngati kwabwera uthenga. Mwina iyi ndi nthawi yake yachiwiri kufunsira, ndalama za mafomu anachita kukongola. Iwe ukabweza mpandowo msanga, sukulu ili ndi nthawi yomuitana. Ukaubweza usiku woti mawa ndi intaviyu, mpandowo ungokhala wopanda munthu.

Inu a mumsika zimenezi mumazidziwa kuposa ine. Kasitomala wabwera m'mawa, wagwira nsalu, akuti mundisungire iyi mayi, ndibwera masana. Mwaichotsa pa tebulo. Wina wabwera ndi ndalama m'manja, mwamubweza kuti yagulidwa kale. Dzuwa lalowa, woyamba uja osaoneka, kumeneko n'kuti anagula kale ina kutsidya ndipo sanaone chifukwa chodzakuuzani. Mwaluza inu, waluza wachiwiri uja, ndipo wosungitsayo sanapindulepo kanthu. Kapena munthu amene wakwera minibasi n'kuika chikwama pa mpando wina kuti ndi wa mnzanga akubwera, pamene mnzakeyo anakwera kale ina. Tonse timamuyang'ana ndi diso lofiira. Nanga bwanji khalidwe lomwelo tiziliombera m'manja likachitika ku sukulu ya udokotala?

Ena amati ndipita kuti ndikazolowere kuyankha mafunso. Ndimafunsa kuti, kuzolowera kuti ukayankhe kuti, poti malo wapeza kale? Ngati pali intaviyu ina patsogolo ya sukulu imene ukuifunadi, pempha aphunzitsi ako kapena anzako akufunse mafunso pabalaza. Tsogolo la mnzako si bwalo lophunzirirapo mpira. Ena, makamaka makolo, amafuna kuwerenga makalata. Mwana wanga anamulandira ku sukulu zisanu! Zimakoma kunena pa ukwati ndi pa maliro, koma mwanayo adzakhala pa desiki imodzi yokha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndipo pali mtengo wake. Mliri wa Covid-19 usanabwere mu 2020, intaviyu iliyonse ku America inkatanthauza tikiti ya ndege, chipinda chogona ndi masiku ojomba ku ntchito kapena ku sukulu. Kuchokera chaka chimenecho sukulu zambiri zinayamba kufunsa anthu pa kompyuta, ndipo zambiri zapitiriza motero, koma zilipo zimene zimafunabe kuti munthu afike yekha. Ndalama zimenezo bwanji osasunga kuti udzagulire mabuku ndi kulipira lendi ya mwezi woyamba? Kunena zoona, kuphweka kwa intaviyu ya pa kompyuta kwawonjezera chiyeso, chifukwa munthu amati sindikuluza kanthu, ndingovala jekete n'kukhala patsogolo pa kamera. Iwe sukuluza kanthu, inde. Akuluza ndi uja ali pa mzere.

Pali mawu ena amene ndiyenera kuwayankha mwaulemu chifukwa ali ndi mphamvu. Wina anena kuti, bambo, sukulu zimenezi sizindimvera chisoni ine. Zimatenga ndalama zanga za mafomu, zimakhala miyezi osandiyankha, zina sizindiyankha n'komwe, ndiye ine ndizizimvera chisoni chifukwa chiyani? Intaviyu ndinaipeza ndi thukuta langa, ndi yanga. Zoona, ndi yako, ndipo palibe lamulo limene ungaphwanye ukapita. Koma chisoni chimene ndikupempha si cha pa sukulu. Sukulu siigona ndi njala, mipando yake idzadzaza basi. Ndikupempha chisoni cha pa mnzako amene sukulu zomwezo zikumuzunza monga zinakuzunzira iwe mwezi wathawu, kalata isanafike. Waiwala kale mmene mimba inkawawira? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu udokotala mizere siitha. Ukamaliza sukulu udzaimanso pa mzere wofuna malo ophunzirira ukatswiri, ndipo tsiku limenelo udzafuna kuti amene ali patsogolo pako akhale anthu osasunga zimene sadya.

Wina anenanso kuti, ndikalandiridwa kuwiri ndikhoza kunenerera. Ndikauza sukulu yoyamba kuti kwina akundipatsa thandizo lochuluka, mwina iwonjezera. Zimenezi zimachitikadi, ndipo sukulu zina zimamva, zina sizimva. Ine sindikuona cholakwika ngati ukunena zoona, ndiye kuti ngati yoyambayo ikakana ungapitedi kwachiwiriko. Pamenepo wabwerera ku funso langa lija, ndipo yankho lako ndi kaya mwina, choncho pita. Koma ngati ukudziwa kuti sungasunthe, ukungofuna kalata yoopsezera, ndiye kuti wayamba ntchito ya udokotala ndi bodza. Wogula amene amati kutsidya akugulitsa motchipa, pamene kutsidyako sangapiteko, ogulitsa amamudziwa ndi nkhope.

Nanga kukanako kukhale kotani? Apa ndi pamene ulemu wa munthu umaonekera. Choyipitsitsa pa zonse ndi kungokhala chete, tsiku n'kufika, madokotala atakhala m'chipinda akudikira munthu amene ali kunyumba akuonera kanema. Limenelo ndi khalidwe la munthu wosaleredwa, ndipo dziko la madokotala ndi laling'ono kuposa mmene ana amaganizira. Mphunzitsi amene wamusiya padzuwa lero akhoza kudzakhala pa gulu lokufunsa mafunso zaka zinayi zikubwerazi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Kalata yake siifuna ndakatulo. Mizere inayi yakwana: zikomo pondiitana, ndalingalira bwino ndipo ndasankha kukaphunzira kwina, chonde chotsani dzina langa kuti mpatawu upite kwa wina, ndikufunirani zabwino. Palibe chifukwa chofotokoza kuti sukulu yawo yaperewera pati, ndipo palibe chifukwa chonamizira matenda kapena maliro. Itumize tsiku limene watsimikiza, ndipo ngati n'kotheka pakhale masabata awiri kapena kuposa tsiku la intaviyu lisanafike. Ukatero uchotsenso dzina lako m'sukulu zina zonse zimene ukudziwa kuti sungapiteko, osadikira kuti 30 Epulo ikukakamize. Koma kumbukira kuti kalata imeneyi ikapita yapita, sungadzabwerenso mwezi wamawa kuti ndasintha maganizo. N'chifukwa chake ndinayamba ndi zinthu zinayi zija. Ganiza mofatsa, koma ukaganiza usazengereze.

Kwa inu makolo, amalume ndi azakhali, ndili ndi pempho. Mwana akakuuzani kuti ndakana intaviyu ya sukulu yakuti, musayambe ndi kukalipa kuti wataya mwayi. Mufunseni kaye ngati kalata ali nayo m'manja, ngati ndalama waziwerengera, ngati akudziwa kumene pepala lakelo lidzamufikitse. Akayankha bwino, mugwireni dzanja, pakuti mwalera munthu. Ndipo akakuuzani kuti ndikufuna kupitabe chifukwa mtima sunakhazikike, musamunene kuti ndi wosakhutira. Amene akakhale kumeneko zaka zonsezo, m'chisanu, kutali ndi nsima ya kwawo, ndi iyeyo osati inu. Sukulu ya dzina lotchuka imakometsa pakamwa pa makolo, koma mwana amaphunzira bwino kumene akugona tulo.

Kuno kwathu dongosolo losankhira ana ku mayunivesite a boma ndi losiyana ndi la maiko ndatchulawa, koma njala ya malo ndi yomweyo, mwinanso kuposa. Dziko lino linakhala zaka zambiri lopanda sukulu yakeyake ya madokotala. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo madokotala ake oyamba, amene anayambira maphunziro awo kunja, anamaliza mu 1992. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Aliyense amene anagonapo pa benchi ku Queens kapena ku Kamuzu Central kudikira dokotala akudziwa kuti mpando umodzi wa m'kalasi ya udokotala ndi wamtengo wapatali bwanji. Choncho mwana wathu amene wapeza malo kuno n'kupezanso sikolashipu ya kunja, kapena amene waitanidwa ku koleji ya unamwino atalandiridwa kale kwina, nkhaniyi ndi yakenso. Ngakhale inu amene mwapeza ntchito pa kampani ina, ina n'kukuitanani ku intaviyu, muyeso wake ndi womwewu. Ngati mungapiteko, pitani. Ngati simungapiteko, nenani msanga kuti aitane wina.

Ntchito ya udokotala ndi ntchito yogawa zinthu zosakwanira. Bedi limodzi odwala awiri, botolo limodzi la magazi ofuna atatu, dokotala mmodzi mzere wofika panja. Munthu amene adzagwire ntchito imeneyi adzafunsidwa tsiku ndi tsiku kuti asasunge chimene sakuchigwiritsa ntchito pamene wina akuchifuna, komanso kuti asathamangire kugamula asanaone zonse. Kalata ya intaviyu yachiwiri ija imamufunsa zinthu ziwiri zomwezi asanavale n'komwe chovala choyera. Mwana amene wayankha bwino pamenepa, ine ndingalole kuti adzandigwire pa mkono ndikadzadwala.

Kwa lero ndilekere pomwepa. Amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga, tsamba lino ndi lanu, lembani timve.